M'bale wanu wachitidwa opaleshoni ya matumbo: bwanji akumuuza kuti adye ndi kuyenda msanga?

Ambiri a inu mudadikirirapo wodwala m'chipatala, kaya ku Ulónguè, ku Tete, kapena kutsidya ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa odikirira odwala. Munthu wang'ambidwa pamimba dzulo, matumbo ake adulidwa ndi kusokedwa, koma lero m'mawa namwino akuti: "Mudzutseni akhale pampando, mum'patse tiyi pang'ono." Achibale ena amaona ngati ndi nkhanza. Ena amayankha kuti chabwino, koma namwino akangotuluka amamugonekanso wodwalayo, poopa kuti ulusi uduka. Manthawa ndi omveka, koma akhoza kuchedwetsa kuchira kwa m'bale wanu.

Kale zinali bwanji?

Kale madotolo nawonso ankaganiza monga inu. Wodwala ankaletsedwa kudya ndi kumwa kuyambira pakati pa usiku. Akachitidwa opaleshoni ankagona masiku angapo ali ndi paipi m'mphuno, osalawa kanthu, kudikira kuti matumbo adzuke okha. Ambiri ankatha sabata yathunthu kapena kupitirira ali m'chipatala.

M'zaka za m'ma 1990, dotolo wa ku Denmark dzina lake Henrik Kehlet adayamba kuchita mosiyana. Odwala ake ankawachepetsera ululu bwinobwino, n'kuwadyetsa ndi kuwayendetsa msanga. Mu 1999 adalemba za odwala 16 omwe adawadula mbali ina ya thumbo lalikulu, ndipo ambiri adapita kwawo patangotha masiku awiri kapena atatu. Mu 2001 madotolo a maiko angapo a ku Ulaya adapanga gulu lofufuza njirazi, ndipo mu 2005 adatulutsa malangizo awo oyamba. Ndondomekoyi imatchedwa ERAS, kutanthauza kuchira mofulumira pambuyo pa opaleshoni. Ubwino wake ndi wakuti zambiri mwa njirazi sizifuna makina odula. Zimafuna kumvana pakati pa dotolo, namwino, wodwala ndi inu womudikirira.

Opaleshoni isanachitike

Ngati mwapatsidwa tsiku la opaleshoni, kukonzekera kumayambira kunyumba. Siyani fodya ndi mowa, kachasu yemwe, kwa masabata anayi tsikulo lisanafike. Fodya amachedwetsa kupola kwa bala ndipo amafooketsa mapapo. Idyani zakudya zomanga thupi monga nyemba, nsinjiro, mazira, usipa ndi soya, pakuti bala limapola ndi zimene munthu amadya. Ngati akupezani ndi magazi ochepa, imwani mankhwala amene akupatsani. Uzani dotolo mankhwala onse amene mumamwa: a shuga, a kuthamanga kwa magazi, ma ARV, ngakhalenso a zitsamba. Musachite manyazi, chifukwa mankhwala ena sagwirizana ndi mankhwala ogonetsa.

Pa nkhani ya kusala, malangizo a masiku ano amati chakudya chilekedwe maola 6 opaleshoni isanayambe, koma madzi kapena tiyi wopanda mkaka akhoza kumwedwa mpaka kutatsala maola awiri. Dziwani kuti phala, thobwa ndi mkaka zimawerengedwa ngati chakudya. Munthu akagonetsedwa m'mimba muli zinthu, akhoza kusanza, masanziwo n'kulowa m'mapapo, ndipo iyi ndi ngozi yaikulu. Choncho nthawi imene ogwira ntchito m'chipatala akuuzani ndi yomweyo, musaonjezerepo. Ngati wodwala wadya mwangozi, nenani.

Tsiku la opaleshoni

Musadabwe akamakufunsani dzina kawiri katatu. Mu 2008 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mndandanda wa mafunso oti azifunsidwa wodwala asanagonetsedwe, mpeni usanakhudze khungu, ndiponso asanatuluke m'chipinda cha opaleshoni. Mndandandawu udayesedwa m'zipatala 8 za m'maiko osiyanasiyana, china mwa izo ku Ifakara m'dziko la Tanzania. Mwa odwala 1000 aliwonse, omwalira adatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8. Wodwala amabayidwanso mankhwala opha tizilombo opaleshoni itatsala pang'ono kuyamba, ndipo amafunditsidwa kuti thupi lisazizire, pakuti thupi lozizira limataya magazi ambiri ndipo bala lake limatukusira msanga.

Kuno ku Mozambique, maopaleshoni ambiri m'zipatala za m'maboma amachitidwa ndi ma técnico de cirurgia, omwe dziko lathu lidayamba kuwaphunzitsa mu 1984. Iwowa ndi anthu ophunzira ntchito yawo. Afunseni mafunso anu momasuka.

Pambuyo pa opaleshoni: zinthu zinayi

Choyamba ndi kudya. Matumbo akagwiridwagwiridwa amachita ngati agona, ndipo chimene chimawadzutsa ndi chakudya chochepa cholowa pakamwa. Nanga posokedwa paja sipang'ambika? Taganizani izi: ngakhale munthu asadye kanthu, malovu, ndulu ndi madzi a m'mimba okwana malita angapo amadutsabe m'matumbo tsiku lililonse. Masipuni ochepa a phala saposa pamenepo. Koma njala ya masiku ambiri imadya minofu ya wodwala, ndipo thupi limasowa zopoletsera bala. N'chifukwa chake odwala ambiri amaloledwa kumwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, kenako phala lamadzimadzi, kenako nsima yofewa pang'onopang'ono. Akayamba nseru, kusanza kapena mimba kufufuma, lekani ndipo muitane namwino.

Chachiwiri ndi kuyenda. Kugona chagada masiku ambiri kumabweretsa chibayo, zilonda zakumsana, ndiponso magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo. Magazi oundanawo akathothoka n'kukafika m'mapapo, munthu akhoza kufa mwadzidzidzi. Namwino akaloleza, muthandizeni wodwala kukhala tsonga m'mphepete mwa bedi, kenako pampando, kenako ayende pang'ono m'wodi inu mutamugwira mkono. Mawa lake aonjezere. Azipumanso mokoka mpweya kwambiri kangapo pa ola, ndipo pokhosomola azigwira pabala ndi pilo kapena chitenje chopinda.

Chachitatu ndi ululu. Pano kupirira si chamuna ayi. Munthu womva kuwawa sapuma mokwanira, sakhosomola, sayenda. Ululu ukakula nenani. Madotolo amaphatikiza mankhwala monga paracetamol ndi ena kuti achepetse morphine, chifukwa morphine wambiri amagonetsa matumbo. Musagule mapiritsi a pamsika n'kum'patsa mobisa.

Chachinayi ndi mapaipi. Kapaipi kotulutsira mkodzo kakakhalitsa kamalowetsa tizilombo m'chikhodzodzo, ndiye kawirikawiri kamachotsedwa pa tsiku loyamba kapena lachiwiri. Soro nayenso amachotsedwa wodwala akayamba kumwa bwino, pakuti madzi ochuluka m'mitsempha amatupitsa matumbo. Kuchotsa soro sikutanthauza kuti am'taya wodwala wanu. Ndi chizindikiro choti akupeza bwino. Koma inu musazule paipi iliyonse nokha.

Namwino akafunsa ngati wodwala watulutsa mpweya wa m'mimba, musaseke ndipo musabise. Mpweyawo ndiwo umboni woti matumbo ayambanso ntchito.

Opaleshoni yadzidzidzi ndi yosiyana

Kwathu kuno ambiri safika ndi tsiku lopangana. Amafika matumbo atapotana, ataboka chifukwa cha taifodi, kapena atatsikira m'mphechepeche n'kukanirira momwemo. Wodwala wotere sapatsidwa chilichonse pakamwa asanachitidwe opaleshoni, ndipo pambuyo pake paipi ya m'mphuno ikhoza kukhala masiku angapo. Choncho musayerekeze wodwala wanu ndi wa pabedi loyandikana nalo. Woyambitsa kudya ndi dotolo, osati achibale.

Chachikulu apa ndi nthawi. Munthu akamva mimba kuwawa kwambiri, itafufuma, akusanza, osachita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya, musam'mwetse mankhwala otsegula m'mimba, musam'temere mphini, musadikire kuti kuche kawiri. Thumbo lopotana limasowa magazi ndipo likhoza kufa m'maola ochepa. Pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo.

Nthawi zina dotolo amatulutsira thumbo pakhungu la pamimba kuti chimbudzi chizigwera m'kathumba. Si matsenga ndipo si chilango. Kwa ambiri ndi za kanthawi, ndipo mkati mukapola thumbolo limabwezeretsedwa. Musatuluke m'chipatala musanaphunzitsidwe kusamala malowo.

Mukabwerera kumudzi

Wodwala amatulutsidwa akamadya, akamayenda yekha, matumbo akamagwira ntchito, ndiponso ululu ukamamvera mapiritsi. Ngati kwanu ndi kutali, kapena mitsinje yadzaza, muuzeni dotolo asanakutulutseni. Sungani pepala lotulukira m'chipatala, kaya lalembedwa m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, chifukwa ndilo lidzauze wachipatala wa mbali iliyonse ya malire zomwe zidachitika m'mimbamo.

Kunyumba wodwala azidya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, azimwa madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo aziyendayenda pabwalo. Kwa masabata 6 asagwire khasu, asasenze thumba la chimanga kapena la mbatata, ndiponso asatunge madzi. Pabala musapakepo phulusa, zitsamba kapena mafuta. Sambani m'manja ndi sopo musanaligwire, ndipo pitani kukachotsa ulusi pa tsiku lomwe mwauzidwa.

Bwererani kuchipatala msanga, usana kapena usiku, mukaona chimodzi mwa izi:

1. Kutentha thupi kapena kunjenjemera.
2. Mimba kuwawa moonjezereka, kufufuma kapena kuuma gwa.
3. Kusanza kosalekeza, makamaka zobiriwira.
4. Bala kufiira, kutupa, kutseguka, kutuluka mafinya kapena zonunkha ngati chimbudzi.
5. Kulephera kuchita chimbudzi ndi kutulutsa mpweya, kapena chimbudzi cha magazi ambiri.
6. Mwendo umodzi kutupa, kupweteka pachifuwa kapena kubanika.

Kutentha thupi m'masiku amenewa musangoti ndi malungo. Kukhoza kukhala kuti posokedwa paja pakudontha mkati, ndipo izi zimaonekera kawirikawiri m'sabata yoyamba. Wodwala wotere akafika msanga amapulumuka, koma akachedwa moyo wake umakhala pachiswe.

Inu odikirira odwala, namwino mmodzi sangayendetse wodi yonse. Womugwira mkono wodwala, womuphikira phala ndi woona msanga kuti zinthu zasintha ndinu. Muli ndi funso, funsani ku Centro de Saúde yapafupi kapena kwa APE wa m'mudzi mwanu. Mukatha kuwerenga tsambali, awerengereninso anzanu amene sadziwa kuwerenga.