Penti wa ufa pa njinga yamoto yakale: sankhani poganizira msewu ndi dzuwa

Nyengo yokolola ikatha, ndalama za cimanga, soya ndi thonje zikayamba kulowa m'matumba, ambiri a ife timakumbukira njinga yamoto imene yakhala m'khonde kapena m'galaja ya parishi kwa zaka zambiri. Zina ndi Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975. Zina ndi Yamaha AG100, imene inatuluka mu 1973 kuti izithandiza alimi a ku Australia, koma kuno inafika pokhala njinga ya alangizi a zaulimi, akatekisiti ndi a zaumoyo. Injini zake n'zolimba, ndipo amakanika athu amazidziwa bwino. Cimene cimazitha ndi dzimbiri.

Anyamata ena a m'tauni amatenga njinga zotere n'kuzisintha maonekedwe, kutsanzira zija zochedwa café racer zimene zinachuka ku London m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Ife a kumidzi timangofuna njinga imene idzafike ku senta yakutali pa Sondo, kapena kunyamula thumba la fetereza. Koma tonse timakumana ndi funso limodzi: tipake penti wotani? Masiku ano ambiri akulangizidwa kupaka penti wa ufa, amene m'mashopu amamuchula kuti powder coating. Tikufuna tikambirane za penti ameneyu musanatulutse ndalama za banja kapena za copereka ca mpingo.

Mmene amagwirira nchito

Penti ameneyu si wamadzi. Ndi ufa wosalala wa pulasitiki wosakaniza ndi mtundu. Amauwaza ndi mfuti yapadera imene imaupatsa mphamvu ya magetsi, kotero umakakamira pa citsulo monga mmene tizidutswa ta pepala timakakamira pa cipeso cimene mwapesera tsitsi. Kenako citsulo cimalowa mu uvuni wotentha madigiri 180 mpaka 200, n'kukhalamo mphindi 10 mpaka 20 kuyambira pamene citsulo cenicenico catentha. Ufa umasungunuka ndi kuuma kukhala khungu limodzi lolimba. Njira imeneyi inayamba kufala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero ku Lusaka ndi ku Copperbelt kuli malo amene amaigwiritsa nchito pa mageti, mafulemu a mawindo ndi mipando yacitsulo.

Ubwino wake ndi wakuti umapirira miyala ya pamsewu kuposa penti wa m'citini. Kuipa kwake n'kwakuti ukang'ambika sungakonzedwe bwinobwino ndi burashi, ndipo kuucotsa ndi nchito yaikulu. Ndiye cifukwa cake kusankha kuyenera kucitika kamodzi, mwanzeru.

Funsani mtundu wa ufa, osati maonekedwe cabe

Ufa ulipo wa mitundu ingapo, koma mayina awiri ndiwo ofunika kuwadziwa. Wa epoxy umagwira citsulo mwamphamvu ndi kuchinga dzimbiri, koma suyanjana ndi dzuwa: umayamba kutuwa ndi kutulutsa fumbi loyera ngati coko. Wa polyester ndiwo umapirira dzuwa. Dziko lathu ndi lokwera, Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo dzuwa la Seputembala ndi Okutobala tonse timalidziwa. Tero njinga yokhala panja ifunika polyester pamwamba. Ngati ndalama zilipo, epoxy aikidwe pansi monga penti woyamba, polyester pamwamba pake. Ufa wosakaniza ziwirizi, wochedwa hybrid, ndi wa katundu wa m'nyumba. Mukauvomera cifukwa n'ngochipa, mudzaona kutuwa pasanapite nthawi.

Wonyezimira, wapakati kapena wosawala?

Wonyezimira kwambiri ndiwo amakopa maso, ndipo sauvuta kutsuka cifukwa fumbi siligwira. Koma amaonetsa ciliconse: popindika, pamene anawocherera, ndi timaenje tosiyidwa ndi dzimbiri. Pa fulemu ya zaka 40 zipsera zotere sizisowa.

Wosawala, wochedwa matte, amabisa zipsera ndipo anyamata amamukonda. Vuto lake n'lakuti amasunga zala za girizi ndi oilo wa cheni, ndipo simungamupukute ndi polishi cifukwa pamene mwapukuta pamayamba kuwala pokha. Pali winanso wokhakhala ngati khungu la lalanje kapena wamakwinya. Ameneyu amabisa zowocherera bwino koposa, koma dothi lofiira la ku Chipata ndi Katete likalowa m'makwinya ake, wakuda amasanduka wofiirira mpaka kalekale.

Wapakati, wochedwa satin, amawala pang'ono cabe. Ife tikuona kuti pa fulemu, pa sitandi, pa keriya ndi pa malimu a njinga yoyenda m'misewu yafumbi, ameneyu ndiye woyenera. Amabisa zipsera zing'onozing'ono, ndipo madzi ndi sopo zimamuyeretsa.

Palinso mitundu yapamwamba ngati candy, imene imakhala penti woonekera mkati wopakidwa pamwamba pa wasiliva. N'njokongola zedi, koma imafuna kupaka kawiri kapena katatu, mtengo umakwera, ndipo ikakalika palibe angafananitse mtunduwo. Isiyireni njinga za cionetsero.

Posankha mtundu, musanene cabe kuti wakuda kapena wofiira. Opaka amagwiritsa nchito manambala a RAL, dongosolo la mitundu la ku Germany limene linayamba mu 1927. Mwacitsanzo RAL 9005 ndi wakuda bii, RAL 9006 ndi wasiliva, RAL 3020 ndi wofiira wowala. Lembani nambala ndi kawalidwe kake m'buku la parishi kapena la pakhomo, kuti caka cina mukadzafuna kupaka keriya yatsopano idzafanane. Kumbukiraninso kuti njinga yakuda paliponse sioneka bwino madzulo pa Great East Road. Fulemu ikhale yakuda, koma thanki ndi madigadi zikhale za mtundu woonekera patali.

Nchito yeniyeni ili pansi pa penti

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Penti wa ufa wopakidwa pa citsulo cosayeretsedwa amaoneka bwino tsiku lotenga, koma dzimbiri limayenda pansi pake mosaoneka, ndipo nyengo ya mvula ikatha amayamba kusendeka ngati khungwa. Fulemu iyenera kucotsedwa girizi yense, kenako kuombedwa ndi mcenga mpaka citsulo citayera, n'kupakidwa tsiku lomwelo cinyezi cisanabwerere. Zitsulo zakale zomwa oilo, makamaka za aluminiyamu, ziyenera kulowa mu uvuni kamodzi zisanapakidwe kuti oilo ndi mpweya zituluke. Kupanda kutero penti amatuluka timabowo ngati tobayidwa ndi singano.

Fulemu ikayera, musafulumire. Iyang'aneni ndi makanika wanu pakhosi pamene pamakhala cowongolera, pomangira injini ndi pomangira keriya, pakuti njinga zathu zanyamula katundu woposa msinkhu wake. Mng'alu uwochereredwe penti asanapite. Penti wa ufa ndi wokhuthala ndipo angabise mng'alu umene tsiku lina udzathyoka katekisiti ali pa liwiro.

Malo osafunika penti

Penti ameneyu amakhala wokhuthala ngati tsitsi limodzi la munthu, ndipo akapakidwa kawiri amaposa pamenepo. Zimaoneka zocepa, koma n'zokwanira kuletsa bearing kulowa m'malo mwake. Opaka mageti sadziwa zonse za njinga yamoto, conco inu ndinu muyenera kuwasonyeza malo ophimba: mabowo onse a mabauti, mokhala ma bearing a cowongolera ndi a mawilo, mkati mwa dilamu ya buleki, ndi pamene waya wa magetsi amagwira fulemu. Pamenepa pakapakidwa, malaiti ndi hutala zimayamba kuvuta.

Cofunika koposa ndi nambala ya fulemu. Ikakwiririka ndi penti kapena kufufutika ndi mcenga, mudzavutika kutsimikizira a RTSA kapena apolisi kuti njinga ndi yanu. Ijambuleni pa foni, iphimbeni poomba mcenga, ndipo muuze opaka kuti iziwerengeka. Mukasintha mtundu wa njinga, kadziwitseni a RTSA kuti white book igwirizane ndi cimene cili pamsewu.

Zimene siziyenera kulowa mu uvuni

Ciliconse ca pulasitiki kapena ca labala cicotsedwe. Mashoko ali ndi oilo mkati, ndipo sayenera kulowa mu uvuni ali omanga. Mawilo amasulidwe masipoko, limu ipakidwe payokha. Ekizozi pafupi ndi injini imatentha kuposa mmene penti wa ufa wamba angapirire, conco imafuna penti wake wopirira moto. Zipsepse za injini zimene zimaiziziritsa ndi mphepo ndi bwino kuzisiya zosapaka penti wokhuthala.

Thanki ifunika kusamala mwapadera. Mpweya wa petulo wotsalira mkati ungaphulike ndi kutentha, tero iyenera kutsukidwa mpaka fungo litatha. Ndiponso mathanki akale ambiri anamatidwa ndi phala lija opaka magalimoto amatsekera popindika. Phala limeneli siligwira ufa bwino ndipo limatupa mu uvuni. Pa thanki yotere, penti wamadzi wa magalimoto wopakidwa ndi mmisiri wabwino ndiye wanzeru, ndipo angakonzedwe akakalika. Palibe colakwika kuti fulemu ikhale ya ufa, thanki ya penti wamadzi.

Mafunso musanalipire

Safunsa anadya phula. Funsani ngati kuomba mcenga kuli mu mtengo umene akuuzani. Funsani dzina la ufa, ndipo muone bokosi lake. Funsani ngati uvuni wao ndi wa gasi kapena wa magetsi, ndi cimene amacita magetsi akazima pakati pa nchito. Tonse tikukumbukira kuzima kwa magetsi kwa maola ambiri mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba. Penti wosapsa mokwanira amaoneka bwino koma ndi wofewa, ndipo amagamphuka msanga. Pemphani kuti apake kacitsulo kena pamodzi ndi fulemu yanu, kuti mukamenye ndi kukapinda iwo akuona.

A komiti ya parishi ndi a koparetivu, ngati muli ndi njinga ziwiri kapena zitatu, zitengereni pamodzi ndi kusankha mtundu umodzi, pakuti uvuni ukayaka kamodzi mungakambirane mtengo wabwino. Ndipo ngati ndalama n'zocepa, yambani ndi mabuleki, matayala ndi cheni. Penti angayembekezere kukolola kwa caka camawa, malinga njinga muisunge pamthunzi ndi pouma.