Sabata, mbewa ndi mdulidwe: m'mene Akhristu anapatukira kwa Ayuda

Aliyense wokhala ku Mitundu, ku Nathenje kapena m'midzi ya m'tsinde mwa Dzalanyama amadziwa kuti Akhristu akuno sapembedza tsiku limodzi. Loweruka m'mawa a Seventh-day Adventist amakhala atatchena kale za kutchalitchi, pamene anzawo a CCAP ndi Akatolika ali kudimba kapena kumsika, kudikira Lamulungu. Kusiyanaku kumafika mpaka pa ndiwo. Mbewa zimene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1, nkhumba ya pachiwaya ndi mlamba, ena amadya mosakayika, ena sakhudza n'komwe chifukwa cha malamulo a pa Levitiko 11. Mtsutso ukabuka pamaliro kapena m'minibasi, mbali iliyonse imakhala ndi yankho lake lachidule. Awa amati mfumu Constantine ndiye inasintha tsiku lopembedza. Awo amati chilamulo cha Ayuda chinatha Yesu atangouka, ndipo atumwi anachisiya pomwepo. Mbiri ikukana mayankho onse awiri. Chikhristu chinapatuka ku Chiyuda pang'onopang'ono, pa zaka zoposa 300, ndipo mng'alu woyamba unaonekera pa nkhani ya amene wokhulupirira angadye naye mbale imodzi.

Tiyambe ndi chimene sichikanika. Yesu anali Myuda, anadulidwa tsiku lachisanu ndi chitatu, ankalowa m'sunagoge pa Sabata ndipo ankapita ku Yerusalemu pa Paskha. Ophunzira ake onse anali Ayuda, ndipo buku la Machitidwe a Atumwi limawaonetsa akupitabe ku Kachisi pa nthawi ya mapemphero Yesu atachoka kale. Sankadziona ngati ayambitsa chipembedzo chatsopano. Anali gulu limodzi mwa magulu ambiri a Chiyuda, pambali pa Afarisi, Asaduki ndi Aesene, ndipo chowasiyanitsa chinali chakuti iwo ankati Mesiya wafika kale. Yakobo, m'bale wake wa Yesu, anatsogolera mpingo wa ku Yerusalemu mpaka anaphedwa mu 62, ndipo Josephus, Myuda wolemba mbiri, akusimba kuti Ayuda ena osamala kwambiri chilamulo anakwiya ndi kuphedwa kwakeko.

Zinthu zinavuta pamene anthu osakhala Ayuda anayamba kukhulupirira, makamaka mu mzinda wa Antiokeya. Kodi Mhelene wobatizidwa adulidwe? Asiye nkhumba? Izi sizinali za m'mabuku ayi, chifukwa mpingo wa masiku amenewo unkasonkhana m'nyumba za anthu, ndipo chipembedzo chake chinkachitikira pa chakudya. Wosadya ndi anzake ndiye kuti sali nawo mu mpingo. Cha m'ma 49 atumwi ndi akulu anakumana ku Yerusalemu, monga akusimbira Machitidwe 15, nagwirizana kuti akunja, ndiwo osakhala Ayuda aja, asakakamizidwe mdulidwe, koma apewe zoperekedwa kwa mafano, magazi, nyama yopotola ndi dama. Onani kuti msonkhanowo sunauze Ayuda okhulupirira kuti asiye chilamulo chawo. Unangochotsa goli pa akunja. N'chifukwa chake mkangano sunathe. Paulo akulemba yekha m'kalata yake kwa Agalatiya kuti Petro ankadya ndi akunja ku Antiokeya, koma atafika anthu ochokera kwa Yakobo anayamba kudzipatula, ngakhale Barnaba anatengeka naye, ndipo Paulo anamudzudzula pamaso pa onse. Mfundo ya Paulo inali yakuti ngati Khristu walandira munthu, mpingo ulibe mphamvu yomuikira mphasa yapayekha. Mfundo imeneyi ndiyo inatsegula khomo, ndipo akunja atachuluka kuposa Ayuda, nkhope ya mpingo inasintha.

Kenaka Aroma anakulitsa mng'aluwo ndi nkhondo. Mu 70 asilikali a Titus anagumula Yerusalemu ndi kutentha Kachisi, malo amene Ayuda okhulupirira Yesu ndi osakhulupirira ankakumanirana. Mfumu Vespasian inalamula kuti Myuda aliyense azipereka madrakima 2 pa chaka, ndalama imene kale inkapita ku Kachisi, koma tsopano izipita ku kachisi wa Jupiter ku Rome. Msonkhowu unachititsa kuti boma lenilenilo lizifunsa kuti Myuda ndani, Mkhristu ndani. Pa nkhondo yachiwiri, ya 132 mpaka 135, mtsogoleri wa Ayuda Bar Kokhba anatengedwa ndi ambiri ngati Mesiya, ndipo otsatira Yesu sakanatha kumuvomereza. Itatha nkhondoyo mfumu Hadrian inaletsa Ayuda kulowa mu Yerusalemu, ndipo kuyambira pamenepo mabishopu a mzindawo anali akunja. Mpingo umene unali mayi wa mipingo yonse unataya mawu ake.

Tsono wina anena kuti: zonsezi tamva, koma Lamulungu analibweretsa ndi Constantine. N'zoona kuti mu 321 mfumuyi inaika lamulo loti oweruza, amisiri ndi anthu a m'mizinda azipuma pa tsiku la dzuwa, lomwe ndi Lamulungu, ngakhale kuti alimi inawalola kupita kumunda. Koma lamulolo linapeza Akhristu akusonkhana kale tsiku limenelo. Machitidwe 20 akunena za ophunzira atasonkhana kunyema mkate ku Trowa tsiku loyamba la sabata, ndipo Paulo anauza Akorinto kuti aziika padera chopereka chawo tsiku lomwelo. Cha m'ma 150, zaka pafupifupi 170 lamulo la Constantine lisanabwere, Justin Martyr analembera mfumu ya Aroma kufotokoza kuti Akhristu a m'mizinda ndi a m'midzi amakumana Lamulungu, kuwerenga zolemba za atumwi ndi za aneneri, kupemphera ndi kudya mgonero. Constantine sanayambitse mwambowu. Chimene anachita ndi kuupatsa mphamvu ya boma, ndipo chimenecho pachokha si chaching'ono, chifukwa kuyambira pamenepo mbali imodzi ya mkangano inali ndi mfumu kumbuyo kwake.

Komabe opembedza Lamulungu asafulumire kuomba m'manja, chifukwa umboni womwewo ukuwatsutsanso. Justin yemweyo ankadziwa Ayuda okhulupirira Yesu amene ankasungabe Sabata ndi mdulidwe, ndipo maganizo ake anali akuti adzapulumuka malinga asakakamize ena. Cha m'ma 360 msonkhano wa mabishopu ku Laodikaya unaletsa Akhristu kupuma pa Sabata, ndipo palibe amene amaletsa chinthu chimene anthu sakuchita. Mu 386 ndi 387 John Chrysostom analalikira mwaukali ku Antiokeya kudzudzula nkhosa zake zomwe chifukwa chopita ku sunagoge pa zikondwerero za Ayuda. Zaka zoposa 300 Petro ndi Paulo atakangana mu mzinda womwewo, anthu wamba anali akuwolokabe malire amene atsogoleri ankafuna kutseka. Kuno ku Africa, mpingo wakale wa Orthodox ku Ethiopia umalemekeza Sabata pamodzi ndi Lamulungu mpaka lero, ndipo anthu ake sadya nkhumba. Ndiponso pamene Marcion, cha m'ma 144, anaphunzitsa kuti Chipangano Chakale chitayidwe, mpingo wa ku Rome unamuchotsa iyeyo n'kusunga mabukuwo. N'chifukwa chake Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, limayamba ndi Genesis osati Mateyu.

Amishoni atafika kuno anabwera ndi mkangano wakalewo m'zikwama zawo. A Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896 akusunga Lamulungu, pamene a Adventist anatenga mishoni imene lero ndi Malamulo, ku Thyolo, mu 1902 akusunga Sabata. Onsewo anakumananso ndi funso la ku Antiokeya litavala zina: Mchewa wobatizidwa asiye chiyani cha makolo ake? M'dera lino la Dzalanyama, lomwe lili ndi Kaphirintiwa ndi Msinja, malo oyera a Achewa, funsoli linali lolemera. Mipingo inakana gule wamkulu, koma a Nkhoma anaona kuti mtsikana sangakule wopanda malangizo, choncho m'malo mwa chinamwali anakonza chilangizo. Kufanana kwa nkhani ziwirizi kuli ndi malire ake, chifukwa Paulo amene anakana kukakamiza mdulidwe ndi yemweyo amene ankauza akunja kusiya milungu yawo. Koma ntchito yosankha chosunga ndi chosiya ndi imodzimodzi, ndipo kulikonse imatenga mibadwo.

Kupatukanaku kunali ndi mtengo wowawa umene sitiyenera kuubisa. Mawu aukali amene poyamba anali a pachibale, Myuda kudzudzula Myuda mnzake, anagwera m'manja mwa anthu osakhala Ayuda amene analinso ndi mphamvu za boma, ndipo anasanduka chida chozunzira mtundu wonse ku Ulaya kwa zaka mazanamazana. Mpingo wa Katolika unachita kunena poyera mu 1965, pa msonkhano wachiwiri wa Vatican, kuti mlandu wa imfa ya Yesu usaikidwe pa Ayuda onse, a nthawi imeneyo kapena a lero. Komabe pa Lachisanu Loyera timamvabe maulaliki ena akunena za Ayuda ngati kuti Mariya, Petro ndi Yesu mwini anali a mtundu wina. Abusa, akatekisiti ndi akulu a mpingo a ku Mitundu ndi ku Nathenje, phunzitsani mbiri imeneyi m'makalasi ndi m'milaga, ndipo Lachisanu Loyera likubwerali muwauze anthu momveka kuti amene anapachika Yesu pamtanda anali asilikali a Chiroma, molamulidwa ndi Pontiyo Pilato.