Durga, mlendo wa dothi amene amabwerera kumtsinje

Ana inu, lero tipite ku India. Kuno kwathu Okutobala ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo, mitsinje yaphwa, aliyense maso ali kumwamba kudikira mvula. Kumeneko mu Seputembala ndi Okutobala mvula imakhala ikutsazika kumene, ndipo Ahindu amayamba chikondwerero chotchedwa Navaratri. M'chinenero chawo chakale cha Sanskrit, nava ndi 9, ratri ndi usiku. Amapemphera, kuimba ndi kuvina masiku 9, la 10 n'kutseka.

Chifukwa chiyani masiku 9? Ahindu amasimba kuti kunali chiwanda china, dzina lake Mahishasura, chimene chinkasanduka njati. Chinapempha mulungu Brahma kuti chisadzaphedwe ndi mwamuna aliyense, kaya ndi munthu kaya ndi mulungu. Za akazi sichinatchule n'komwe, chifukwa chinkawaderera. Mwamva, atsikana? Chitalandira zimene chinapempha, chinayamba kuzunza aliyense. Milungu itasowa pogwira, inasonkhanitsa mphamvu zake pamodzi, ndipo panatuluka mulungu wamkazi, Durga. Mulungu Shiva anamupatsa mkondo wa nsonga zitatu, milungu ina n'kuwonjezera zida zake, Durga n'kukwera pamsana pa mkango. Chiwanda chija chinasanduka mkango, chinasanduka njovu, chinabwereranso ku njati, koma sizinathandize. Nkhondo inatenga masiku 9, ndipo tsiku la 10 Durga anachigonjetsa. Tsikulo amalitcha Vijayadashami kapena Dussehra.

Pa tsiku loyamba mabanja ambiri amafesa mbewu za balere m'kambale ka dothi pafupi ndi malo opempherera, n'kumathirira tsiku lililonse. Pofika tsiku la 9 timbewuto timakhala titamera, tobiriwira bwino. Ena amasala zakudya: sadya nyama, anyezi, adyo, ngakhale mpunga ndi tirigu. Amadya zipatso, mkaka, mbatata ya kachewere ndi timibulu toyera totchedwa sabudana. Mukudziwa kuti sabudana amapanga kuchokera ku chiyani? Chinangwa chomwechi chimene mumakazinga kapena kuphika kwanu!

Pali miyambo iwiri imene ndikuganiza kuti mungaikhumbire. Kumpoto kwa India, pa tsiku la 8 kapena la 9, banja limaitana atsikana aang'ono, nthawi zambiri 9. Akuluakulu amawerama n'kuwasambitsa mapazi, kuwapatsa chakudya chotsekemera ndi timphatso, chifukwa amati mwa mtsikana aliyense muli mphamvu ya Durga. Kummwera nako, anthu amatsuka zida zawo zantchito n'kuzikongoletsa ndi maluwa: makasu, makina osokera, njinga, mabasi. Ana asukulu amaika mabuku awo patsogolo pa Saraswati, mulungu wamkazi wa maphunziro, ndipo saloledwa kuwatsegula mpaka mapemphero atatha. Kuuzidwa ndi makolo ako kuti lero usawerenge! Koma musakafunse zimenezi kwa aphunzitsi anu.

M'dera la Gujarat, dzuwa likalowa, anthu amavina garba. Amazungulira mphika wa dothi wobowolabowola umene mkati mwake muli nyali, akuwomba m'manja, ena akumenyanitsa timitengo topaka utoto. Ahindu ambiri okhala ku Blantyre ndi ku Lusaka makolo awo anachokera ku Gujarat komweko.

Koma ine kumene mtima wanga uli ndi ku Kolkata, mzinda waukulu wa ku West Bengal, kumene chikondwererochi amachitcha Durga Puja. Kuli dera lina la tinjira topapatiza lotchedwa Kumartuli, kwawo kwa oumba. Kutatsala miyezi ingapo, amisiri amayamba kukonza chifaniziro cha Durga: amamanga chigoba cha nsungwi ndi matabwa, n'kuchikulunga ndi udzu wouma mpaka manja ndi miyendo zioneke. Kenako amamata dothi la mumtsinje. Likauma n'kung'aluka amamatanso lina losalala, monga amachitira amayi pozira nyumba. Amapaka utoto, amaika tsitsi, zovala ndi mikanda. Durga wa ku Kolkata amakhala ndi manja 10, mkango uli pambali, chiwanda chili pansi pa phazi lake. Pamwambo wawo, maso amajambulidwa pa tsiku lapadera lotchedwa Mahalaya, ndipo mmisiri amagwira ntchitoyi mosamala kwambiri, chifukwa maso ndiwo amachititsa kuti dothi lija lioneke ngati likukuyang'ana.

Zifanizirozi amakaziika m'misasa ikuluikulu ya nsungwi ndi nsalu yotchedwa pandal. Ina amaimanga ngati nyumba za mafumu, ina ngati akachisi, ndipo anthu amayenda usiku wonse kuchoka pamsasa uwu kupita pa winawo, ng'oma zazikulu zotchedwa dhak zikulira. M'chaka cha 2021 bungwe la UNESCO linaika Durga Puja ya ku Kolkata pamndandanda wa miyambo yamtengo wapatali ya anthu padziko lonse, ndipo garba inalowa nawo mu 2023.

Tsopano funso lovuta. Tsiku la 10 likakwana, amanyamula zifaniziro zokongolazo n'kukaziponya mumtsinje wa Hooghly. Ntchito ya miyezi yonse ija! Bwanji?

Anthu a ku Bengal amamuona Durga ngati mwana wawo wamkazi amene anapita kuchitengwa. Mwamuna wake ndi Shiva, amene amakhala kuphiri la Kailash. Kamodzi pachaka amabwera kudzaona makolo, atatenga ana ake anayi: Lakshmi, Saraswati, Ganesha wa mutu wa njovu, ndi Kartikeya. Inu mukudziwa mmene pamakhalira pakhomo azakhali akabwera kuchokera kutali ndi asuweni anu, komanso mmene mumamvera tsiku lowaperekeza kokwerera basi. Nawonso amayi a ku Kolkata amagwira timaswiti n'kukhudzitsa pamilomo ya chifaniziro, amapakana ufa wofiira kumaso, ena misozi ili mbwembwembwe. Kumtsinje kuja ndiko kokwerera kwake, ndipo khamu limakuwa kuti chaka chamawa zidzachitikanso.

Dothi limasungunuka n'kubwerera kumene linachokera. Masiku ano, poopa kuti utoto ungawononge madzi, ogwira ntchito za mzinda amadikira m'mphepete ndi makina onyamulira, n'kuvuula zotsala msangamsanga. Zigoba zina zimabwereranso kwa oumba, amene amazisunga kuti adzamatepo dothi latsopano chaka chamawa.