Kuyeza magazi pompopompo ku A&E

Ambirife kuno ku England timazengereza kupita ku A&E poopa kuti shifiti itipita. Zoona, mzere umatalika, ngakhale kuti kuyambira 2004 cholinga cha NHS nchakuti wodwala athandizidwe pasanathe maola 4. Koma magazi ena amayezera pomwe mwagonapo. Shuga amangobaya chala, yankho nthawi yomweyo. Makina ena amaonetsa mpweya, mchere ndi asidi wa m'magazi m'mphindi zochepa, osadikira za ku labotale.

Komatu kuyeza msanga si kutuluka msanga ayi. Mukafika mukumva kupweteka pachifuwa amayeza troponin, puloteni amene amalowa m'magazi mnofu wa mtima ukavulala. Ameneyu amakwera pang'onopang'ono, nchifukwa chake kawirikawiri amayezanso pakapita ola limodzi kapena maola 3. Chonde musanyamuke yankho lachiwiri lisanabwere, ngakhale abwana aziimba foni.

Ngati mwangobwera kuchokera kumudzi ndipo thupi likutentha, nenani mukangofika, chifukwa kuno malungo sawaganizira msanga. Chithandizo cha mu A&E nchaulere, kaya mapepala anu ali bwanji; za ndalama zingabuke akakugonekani kuwodi.