Khomo Limatsegulidwa ndi Anthu

Nkhani yathu lero icokera ku Chitungwiza, mzinda waukulu wa kumwera kwa Harare, umene unapangidwa m'caka ca 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's. Powerenga anthu m'caka ca 2022 anapezamo anthu oposa 370,000, ndipo pakati pao pali ana ndi adzukulu a anthu a kwathu amene anapita kumeneko kukafuna nchito.

Mumzindamo, monga m'midzi yathu yomwe, muli anthu akulu-akulu amene nzeru zao zimagwira zinthu pang'ono-pang'ono. Amenewa si amisala iai, ndiponso sanalodzedwe. Ena anabadwa ndi cibadwa cimene madotolo acicha Down syndrome. Ena anasowa mpweya pobadwa. Ena anadwala malungo a m'bongo kapena nthenda youmitsa khosi ali makanda. Kuwerenga, kusintha ndalama ndi kukumbukira mau ambiri nthawi imodzi kumawabvuta, koma nchito amaidziwa akaphunzitsidwa modekha.

Munthu woyenda pa njinga ya opunduka tingathe kumkonzera khomo lotakata. Nanga mnzathu uyu timkonzere ciani? Khomo lace la iye ndife anthu.

Tiyerekeze bambo wa zaka 30 amene anyamuka ku Zengeza kunka ku cipatala cacikulu ca Chitungwiza. Woyamba kukomana naye ndi kondakitala wa kombi, wofuula maina a malo mothamanga. Akamuuza momveka kuti, “Mutsika pakuti, ndidzakuuzani,” ulendo watheka. Akamkalipira pamaso pa anthu, mawa lace bamboyo sadzakweranso yekha.

Waciwiri ndi wogulitsa pa msika. Ku Zimbabwe anthu amagula ndi madola a ku America, ndi ndalama ya ZiG imene inayamba m'caka ca 2024, ndiponso ndi ndalama za pa foni monga EcoCash. Ngakhale wophunzira amasokonezeka nazo. Wogulitsa wokhulupirika amawerengera cenje m'dzanja la wogulayo, imodzi-imodzi; wosakhulupirika amambera, ndipo abale akamva amaleka kumtuma. Potero munthu wamkulu amabwezedwa ku ubwana cifukwa ca umbombo wa wina.

Wacitatu ndi namwino. Kawiri-kawiri wodwalayo ali pomwepo, koma funso limapita kwa womperekeza: “Kodi akumva kupweteka pati?” Njira yabwino ndiyo kufunsa mwini thupi, funso limodzi pa nthawi imodzi, ndi kudikira yankho. Ponena za mankhwala, ajambule dzuwa ndi mwezi pa pepala, napemphe wodwalayo abwereze zimene wamva. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma khomo lobvuta koposa liri kunyumba. Makolo ambiri, cifukwa ca cikondi ndi mantha, amamcitira mwana wao zonse: kumsankhira zobvala, kumsungira ndalama, kumyankhira alendo. Mantha ao ali ndi cifukwa, pakuti alipo anthu oipa amene amagwirira akazi otere poganiza kuti mau ao sadzamveka ku bwalo la milandu. Komabe kutsekera munthu m'nyumba sikumteteza masiku onse. Makolo adzakalamba ndi kutisiya. Pamenepo amene sanaphunzire kuphika nsima, kutunga madzi pa mjigo, kapena kukana cimene sacifuna, adzatsala m'manja mwa yani?

Alipo amene anayamba kale nchito imeneyi. Bungwe la Zimcare Trust liri ndi sukulu za ana otere m'mizinda yambiri, ina mwa izo Sharon Cohen ku Chitungwiza, ndi malo a akulu ochedwa Homefield ku Harare. Bvuto limakula mwana akatsiriza sukulu, pakuti malo a akulu ndi owerengeka. Boma nalonso linaika malamulo: la anthu olumala m'caka ca 1992, ndi malamulo akulu a dziko a 2013, amene m'ndime 83 alamula Boma kuthandiza olumala kuti adzidalire ndi kuwachinjiriza ku nkhanza. M'caka comweco Zimbabwe inabvomera pangano la United Nations la ufulu wa olumala. Koma lamulo silikwera kombi, ndiponso siligulitsa tomato pa msika. Limagwira nchito pokha-pokha munthu akalisenza.

Tsono, abale anga, mukakomana ndi mnzathu wotere, mumpatse moni monga mupatsa munthu wamkulu ali yense. Mulankhule naye mwini, mau ocepa ndi omveka. Mumsonyeze ndi manja, mumlole ayese, ndipo akalakwa ayesenso. Ku chalichi, ku maliro ndi ku ukwati mumpatse gawo lace la nchito, pakuti munthu amadziwika kuti ndi wa pamudzi akamasenza nao katundu wa mudziwo.