Amakaniko a njinga zamoto pa Muloza ndi chitsulo chimene sichioneka

Msewu wa M2 wochokera ku Blantyre, wodutsa ku Thyolo, Luchenza ndi pa boma la Mulanje, umathera pa Muloza. Ukawoloka mtsinje wa Muloza wafika ku Milange, m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique. Malonda a pamalire pano, kuchokera pa msika wa Limbuli mpaka kutsidya, amayenda kwambiri pa matayala awiri: matumba a chimanga, nandolo ndi nyemba, madengu a zinanazi, amayi opita ku sikelo, onse amakwera kabaza. Pochuluka njinga zamoto pamachulukanso amakaniko, anyamata a manja a girisi okhala pansi pa mtengo kapena m'kashedi ka malata. Anthu awa ndiwo amayeza njinga tsiku ndi tsiku ngati ili yoyenera msewu, ndipo dziko likulakwa powaona ngati ongoganyula.

Umboni wake uli pa ntchito imodzi imene wokwera saiona. Tayala lakumbuyo limagwiridwa ndi chitsulo cha mphanda chotchedwa swingarm, chimene chimalumikizidwa ku thupi la njinga ndi bawuti imodzi yaitali. Pamene bawutiyo imadutsa pamakhala mabushi pa njinga zing'onozing'ono za kabaza monga Lifan ndi Boxer, kapena mabering'i pa njinga zikuluzikulu. Ntchito yawo ndi kulola tayala kukwera ndi kutsika m'mabampu koma osapita uku ndi uku. Akadyeka, tayala limayamba kugwedera, tcheni chimadya mano a sipuloketi kapena kuvuka, ndipo pokhota njinga imachita ngati ikufuna njira yakeyake. Ku Mulanje zinthuzi sizichedwa kutha. Mvula ya m'tsinde mwa phiri ndi yambiri, matope a m'njira za m'minda ya tiyi amalowa paliponse, madzi amatsuka girisi n'kusiya dzimbiri, ndipo njinga yopangidwira anthu awiri imasenzetsedwa atatu ndi thumba pamwamba. Namondwe Freddy atakokolola milatho ndi misewu m'dera lino mu Malichi 2023, njinga ndizo zinkadutsa kumene galimoto zinalephera, m'miyala ndi m'madzi momwe.

Makaniko waluso amadziwika pa ntchito imeneyi. Amaimika njinga pa sitandi yapakati, n'kugwedeza tayala cham'mbali kuti amve ngati likusewera. Akapeza vuto amachotsa tayala, tcheni, waya wa buleki ndi masipuling'i akumbuyo, kenako n'kusolola bawuti yaitali ija, imene nthawi zambiri imakhala itagwirana ndi dzimbiri. Bushi yakale amaikankha ndi chitsulo chofanana nayo kukula, amatsuka bowo, ndipo yatsopano amailowetsa mowongoka pang'onopang'ono, makamaka poikoka ndi bawuti, nati ndi mawashala m'malo moimenya. Bering'i imafuna girisi woyera ndi zotsekera fumbi zabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wopupuluma amamenya ndi hamala mpaka bowo litakula, kapena amatsekera mpata ndi kachidutswa ka chubu kapena ka chitini. Njinga imachoka pashedi ikuoneka yolimba, koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Ena anganene kuti vuto si luso ayi, ndi umphawi. Akunena zoona, mbali ina. Akabaza ambiri amayendetsa njinga ya bwana amene amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, kotero ola limene njinga yagona pashedi ndi ndiwo za ana zimene zatayika. Masipeya amachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yawo inakwera. Koma tikawerengera bwino, umphawi womwewo ukutiuza kuti tikonze msanga. Mabushi awiri ndi otsika mtengo kuposa tcheni, masipuloketi ndi tayala zimene amawononga akatha, ndipo zonsezi pamodzi sizifika pa mtengo wa mwendo wothyoka umene umagoneka mwini banja miyezi yathunthu. Makaniko amene amauza kasitomala kuti, "Achimwene, njingayi isanyamule munthu mpaka tisinthe mabushi," amamusungira ndalama, ngakhale kasitomalayo achoke atakwiya.

Enanso amati anyamatawa anaphunzira kale pogwira ntchito, ndiye kuwafunsa satifiketi kudzangowachotsera mkate pakamwa. Kuphunzira pafupi ndi mmisiri wamkulu, kuyamba ndi kutsuka masipanala mpaka kudzatsegula injini, ndi sukulu yeniyeni, ndipo palibe wanzeru angainyoze. Chofooka chake n'chakuti wophunzira amatengera zabwino ndi zoipa zomwe za mphunzitsi wake. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015, siziyenera kudikira kuti mnyamata asiye shedi yake apite m'kalasi zaka zingapo. Maphunziro afupiafupi obwera pa Limbuli ndi pa Muloza pomwe, ophunzitsa kuyeza kudyeka kwa zitsulo, kumanga bawuti pa mlingo wake ndi kuzindikira sipeya yachinyengo, angakweze ntchito popanda kuthamangitsa wina aliyense. Pepala lingobwera kudzachitira umboni luso limene lilipo kale.

Tikamakamba za ngozi za kabaza timatchula zipewa, ziphaso ndi liwiro, ndipo n'zoyenera. Koma wapolisi wa pamsewu amaona chipewa ndi mapepala; saona bushi yakutha. Woiona ndi makaniko yekha, atagwada m'fumbi tayala lili m'manja. Magulu a akabaza a pa siteji atagwirizana kuti njinga iliyonse igwedezedwe tayala kamodzi pa mwezi, eni njinga atalola kutaya ola limodzi, ndipo makaniko atalipidwa mokwanira kuti asamathamangire chigamba, mayi wochokera ku Milange ndi mwana kumbuyo angafike pa Limbuli tayala likutsata njira imene woyendetsa wasankha.