Tisanagule gitala ya besi, tiyambe tamva mau ake

Cimanga cikagulidwa, makwaya ambiri amasonkha ndalama zogulira gitala ya besi. Vuto lathu n'lakuti timathamangira utoto wonyezimira, pamene cinsinsi cagona pa mapikapu, timaginito tokhala pansi pa nsambo timene timatola mau n'kuwatumiza ku ampulifaya.

Besi ya Precision, imene Leo Fender anatulutsa mu 1951, ili ndi mabatani awiri cabe: lokweza mau ndi losintha kamvekedwe. Kuyambira mu 1957 pikapu yake inagawidwa pawiri kuti iphe kulira kwa malaiti kuja kumene kumasokoneza nyimbo. Mau ake ndi onenepa, oyenera kwaya yaikulu.

Jazz Bass, imene inatuluka mu 1960, masiku ano ili ndi mapikapu awiri ndi mabatani atatu. Khosi lake ndi locepa, conco wophunzira satopa zala msanga. Koma tikatsitsa pikapu imodzi, kulira kuja kumabwerera.

StingRay ya Music Man, ya mu 1976, imadalira batiri ya 9 volts. Batiri ikafooka pakati pa mapemphero, mau amasasa n'kuzimirira, ndipo kumidzi batiri yotere sipezeka pa kantemba kalikonse. Amene tili kutali ndi tauni tisankhe besi yopanda batiri.

Pogula tipite ndi woimba weniweni. Alize nsambo iliyonse kuyambira kumutu mpaka kumunsi, apotokole batani lililonse, ayang'anenso ngati khosi silinapindike. Khosi lopindika limakweza nsambo ndi kupweteka zala, ndipo ndalama zathu zathukuta zimathera kokonzetsa.